Rough ndi Coarse: Dzanja Kapena Sefa?

Lero mu pulogalamu yathu yophunzira Chingerezi tikhala pa mawu awiri okha, afotokozi awiri amene ambiri timawayesa amodzi. Oyamba ndi rough, amene amalembedwa r, o, u, g, h, koma potchula amamveka ngati rafu. Achiwiri ndi coarse, amene amalembedwa c, o, a, r, s, e, ndipo potchula amamveka ngati kosi. Mwana wa sukulu mukamufunsa tanthauzo la mawu awiriwa m'Chichewa, kawirikawiri amayankha chimodzimodzi pa onse, amati chokhakhala. Sanalakwe kwenikweni, koma wangonena theka. Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti ikhazikike: rough amanena za pamwamba pa chinthu, pamene coarse amanena za kukula kwa tizidutswa kapena ulusi umene wapanga chinthucho. Ndiyamba ndi kukupatsani umboni wake, kenako tiona kumene mawuwa anachokera, ndipo pomaliza ndiyankha anzathu amene amati kusiyana kumeneku n'kongopeka kapena n'kopanda ntchito.

Tiyambe ndi rough, chifukwa ndiwo osavuta. Woweruza wa mawu amenewa ndi dzanja. Mukayendetsa chikhato pamwamba pa chinthu, dzanja n'kumakodwakodwa, n'kumakumana ndi tizitunda ndi timaenje, chinthucho ndi rough. Thabwa longochekedwa kumene limene kalipentala sanalipale ndi rough. Khungwa la mtengo wa mango ndi rough. Khoma la njerwa losapaka pulasitala, zikhato za munthu amene wagwira khasu dzinja lonse, lilime la mphaka, zonsezi ndi rough. Mawu otsutsana nawo ndi smooth, kutanthauza chosalala, monga galasi kapena thabwa lopalidwa bwino. Ndipo popeza nkhani yake ndi ya pamwamba posalingana, mawuwa amakula n'kufika pa zinthu zimene dzanja silingazikute. Msewu wa fumbi wokumbikakumbika ndi mvula amautcha rough road. Mwera ukawomba pa nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira, mafunde n'kukwera, asodzi n'kukokera mabwato awo kumtunda, Mngerezi amati nyanja ili rough. Onani kuti pamenepa sitikufunsa kuti msewuwo kapena madziwo apangidwa ndi chiyani. Tikungoyang'ana pamwamba pake, ngati pali see kapena ayi. Palibe mwini chinenerochi amene anganene kuti coarse road kapena coarse lake pofuna kunena za mabampu kapena mafunde.

Tsopano tchereni khutu, tikupita kwa coarse, ndipo malo abwino owamvetsera ndi kuchigayo. M'kati mwa chigayo muli sefa yachitsulo, ndipo kukula kwa timabowo ta sefayo ndiko kumalamula mtundu wa ufa umene utuluke. Timabowo tikakhala tatikulu, ufa umatuluka wa timibulu tomveka m'zala. Timabowo tikakhala tating'ono, ufa umatuluka wonga fumbi. Ufa woyamba uja m'Chingerezi ndi coarse, wachiwiriwo ndi fine. Misere imene imatsala amayi akasefa ndi coarse kuposa ufa umene wadutsa. Mchere wa mibulu ndi coarse salt, pamene wa m'paketi wothira patebulo ndi fine salt. Amisiri omanga nyumba amasiyanitsa mchenga wa kumtsinje, umene nthawi zambiri umakhala wa njere zazikulu ndipo amaukonda pa konkire, ndi mchenga wa kudambo wa njere zazing'ono. M'mabuku a zomangamanga, miyala yoswedwa yothira mu konkire amaitcha coarse aggregate, ndipo mchenga amautcha fine aggregate. Pa phunziro la zaulimi, dothi la mchenga limatchedwa coarse chifukwa njere zake ndi zazikulu ndipo madzi amadutsa msanga, pamene dothi la makande limatchedwa fine chifukwa njere zake ndi zazing'ono kwambiri moti zimagwirana n'kusunga madzi. Mwamva kuti m'zitsanzo zonsezi mawu otsutsana ndi coarse sanakhale smooth. Akhala fine. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Rough amayenda ndi smooth, coarse amayenda ndi fine. Woweruza wa rough ndi dzanja, woweruza wa coarse ndi sefa.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga ife timasokonezeranji mawu amene akuoneka osiyana chonchi. Chifukwa chake chili m'chinenero chathu chomwechi. M'Chichewa timati galasi ndi losalala, timatinso ufa ndi wosalala. Timati thabwa ndi lokhakhala, timatinso nsima ya mgaiwa imakhakhala kukhosi. Mawu amodzi akugwira ntchito ziwiri, ndipo ife timamvana bwinobwino chifukwa dzina limene latchulidwa limatiuza kale tanthauzo. Ichi si chilema cha Chichewa ayi. Chinenero chilichonse chili ndi malo amene chimadula mizere yake. Mngerezi ali ndi mneni mmodzi woti wash, pamene ife timasiyanitsa kusamba, kuchapa, kutsuka ndi kusukusula, ndipo mlendo akati akufuna kuchapa mbale kapena kutsuka malaya, timamva zimene akufuna koma khutu limadziwa kuti china chake chapotoka. Chomwechonso chimachitika kwa Mngerezi akamva munthu akuti rough salt kapena rough flour. Choncho njira yomasulira liwu ndi liwu singatithandize pano. Tikangoloweza kuti rough ndi chokhakhala, coarse ndi chokhakhala, tatseka khomo limene tikanalowera. Chofunika ndi kuloweza mawu aliwonse pamodzi ndi otsutsana nawo.

Tiyeni tsopano tiyese mfundoyi pa zinthu zimene mawu awiriwa amapatukana poyera, chifukwa mfundo imene sinayesedwe sitingaidalire. Ganizirani za timiyala ta mumtsinje timene madzi atikulunga kwa zaka zambiri. Mukatola kamodzi n'kukasisita, kali see, kosalala, ndiye kuti ndi smooth. Koma mukawunjika timiyalato mulu n'kutiyerekeza ndi mchenga, muluwo ndi coarse, chifukwa tizidutswa take ndi tatikulu. Chinthu chimodzi chomwecho chakhala smooth ndiponso coarse nthawi imodzi, zimene sizikanatheka ngati rough ndi coarse akanakhala mawu amodzi. Tembenuzani tsopano, mupite kwa kalipentala mukaone sandipepa. Kumbuyo kwa pepalalo kumakhala nambala. Nambala ikakhala yaing'ono, monga 40 kapena 60, timiyala take ndi tatikulu ndipo amaitcha coarse. Ikakhala yaikulu, monga 220, timiyala take ndi tating'ono ndipo amaitcha fine. Manambala amenewa anachokera pa kuchuluka kwa timabowo ta sefa yosefera timiyalato, ndiye mukuona kuti sefa ija yabweranso. Komatu sandipepa ya fine ija mukaikhudza siili ngati galasi, imakhakhalabe, ikadali rough. Apa chinthu chimodzi chakhala fine ndiponso rough. Ndipo ntchito yonse ya kalipentalayo tingainene ndi mawu anayi athu aja: amatenga thabwa la rough, amayamba kulikwecha ndi sandipepa ya coarse, kenako ya fine, mpaka thabwalo likhale smooth.

Chitsanzo chimene ndimachiona champhamvu kuposa zonse chili m'chipinda chophunziriramo sayansi. Aliyense amene anagwirapo maikulosikopu kusekondale akukumbukira kuti pambali pake pamakhala zopotokola ziwiri. Chachikulu chimatchedwa coarse adjustment, chaching'ono chimatchedwa fine adjustment. Mukapotokola chachikulu, galasi ndi chinthu chimene mukuyang'anacho zimayandikirana kapena kutalikirana mofulumira, mtunda waukulu nthawi imodzi. Mukapotokola chaching'ono, zimasuntha pang'onopang'ono mpaka chithunzi chioneke bwino. Pamenepa palibe chokhakhala chilichonse, palibe ufa, palibe mchenga. Chimene chatsala ndi ganizo lenileni la mawuwa, loti zigawo zazikulu ndi coarse, zigawo zazing'ono ndi fine. Wophunzira amene analoweza kuti coarse ndi chokhakhala amangoloweza dzina la chopotokolacho osadziwa chifukwa chake, ndipo tsiku la mayeso akhoza kusinthanitsa. Koma amene akudziwa za sefa saiwala, chifukwa dzinalo likumuuza lokha ntchito yake.

Ngati mwangotsegula wailesi yanu kumene, tikukambirana za mawu awiri a Chingerezi, rough ndi coarse, ndipo tanena kuti rough ndi za pamwamba pa chinthu, coarse ndi za kukula kwa tizidutswa take. Tsopano tione mwachidule kumene mawuwa anachokera. Rough ndi mawu akale kwambiri, a m'Chingerezi chimene chinkayankhulidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo ankanena za chinthu cha ubweya wanyankhalala kapena chosasadzulidwa. Zilembo ziwiri zakumapeto zija, g ndi h, kale zinkatchulidwa kukhosi, koma katchulidwe kanasintha kalembedwe n'kutsala. Coarse ndi mawu obwera pambuyo, a m'zaka za m'ma 1400. Akatswiri a mbiri ya mawu amati anachokera ku course, amene ife timati kosi ya maphunziro, ndipo poyamba ankatanthauza chinthu wamba, cha masiku onse, makamaka nsalu imene anthu wamba ankavala. Nsalu yotereyo inali ya ulusi wonenepa, yosiyana ndi nsalu ya ulusi wopyapyala ya anthu olemera. N'chifukwa chake mpaka lero coarse ndi course amamveka chimodzimodzi potchula. Kusiyana kuli pa chilembo chimodzi: wa ufa ndi mchenga ali ndi a, wa maphunziro ali ndi u. Ophunzira, chilembo chimenechi chisamaleni polemba.

Mbiri imeneyi ikutithandiza kumvetsa matanthauzo ena amene mawuwa ali nawo kunja kwa zokhudza ndi dzanja. Rough, popeza ndi thabwa losapalidwa, anayamba kutanthauza chilichonse chimene ntchito yake sinathe. Rough draft ndi chimangirizo choyamba chimene simunachikonze. Rough estimate ndi chiwerengero chongoyerekeza. Ifenso tinabwereka tanthauzo limeneli, n'chifukwa chake ana a sukulu ali ndi kope la rafu. Diamondi yosadulidwa imatchedwa rough diamond, monga ija yotchedwa Cullinan imene inapezeka m'chaka cha 1905 pafupi ndi Pretoria ku South Africa, ndipo inakadulidwa ku Amsterdam. Rough amatanthauzanso nkhanza za thupi, monga wosewera mpira amene akugwetsa anzake dala, amene timati akusewera rafu. Coarse anatsata njira ina, ya chinthu wamba chosayengedwa. Coarse language ndi mawu otukwana kapena olaula. Coarse joke ndi nthabwala yosayenera kunenedwa pamaso pa apongozi. Ku Britain, nsomba za m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere zimene si salmon kapena trout amazitcha coarse fish, osati chifukwa mamba ake ndi okhakhala, koma chifukwa anthu apamwamba a nthawi imeneyo ankaziona ngati nsomba wamba. Choncho mukanena za munthu kuti ndi rough, mwina mukunena kuti ndi waukali kapena sadziwa kugwira zinthu mosamala, ndipo akhoza kukhala wa mtima wabwino ndithu. Mukati ndi coarse, mwanena kuti pakamwa pake ndi makhalidwe ake n'zopanda ulemu. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono kwa munthu amene akunenedwayo.

Tsopano tifike pa zimene ena angatsutse, ndipo ndiyamba ndi mfundo imene ili ndi mphamvu zenizeni. Wina anganene kuti, tsegulani mtanthauziramawu wa Chingerezi, pa coarse mupezapo rough ngati limodzi la matanthauzo ake, ndipo eni chinenero amati rough cloth, amatinso coarse cloth, ponena za nsalu imodzi yomweyo. Zimenezi n'zoona, sindingakane. Chiguduli mungachitche rough, mungachitchenso coarse, ndipo palibe amene angakudzudzuleni. Koma funsani kuti n'chifukwa chiyani mawu onse awiri akukwanira pa chiguduli. Chiguduli chinalukidwa ndi ulusi wonenepa, ndiye kuti ndi coarse. Ndipo chifukwa cha ulusi wonenepawo, pamwamba pake pamakanda khungu, ndiye kuti ndi rough. China ndi choyambitsa, china ndi chotsatira chake. Zinthu zambiri zopangidwa ndi tizidutswa tatikulu zimakhaladi zokhakhala pamwamba, n'chifukwa chake mawuwa amakumana kawirikawiri. Koma kukumana pa chiguduli sikuwasandutsa amodzi, pakuti tawaona akupatukana pa timiyala ta mumtsinje, pa sandipepa ndi pa maikulosikopu. Mtanthauziramawu ali ndi malo ochepa, amakulozerani mawu oyandikana nawo kuti muyambirepo. Mukawerenga zitsanzo zimene waika pansi pa tanthauzolo, mupeza kuti pa coarse pali mchenga, mchere, nsalu ndi tsitsi, pamene pa rough pali khungu, msewu ndi nyanja. Zitsanzozo ndizo zimakuuzani zoona kuposa tanthauzo la mzere umodzi.

Wina anganenenso kuti, chabwino, kusiyana kulipo, koma n'kwa akatswiri, munthu wamba akasokoneza amvekabe. Pocheza pabwalo, inde, amveka. Koma Chingerezi ambiri aife sitimachigwiritsa ntchito pocheza. Timakumana nacho pa pepala la mayeso, pa malangizo olembedwa pa thumba kapena pa chitini, pa kalata ya ntchito, m'buku la maphunziro a zaumisiri. Malo amenewa ndi amene mawu amodzi amasintha zochita. Malangizo akati pakani penti pa rough surface, akunena za khoma kapena thabwa. Akati sakanizani ndi coarse sand, akunena za mtundu wa mchenga woti mukagule. Wogula khofi wogaya akaona coarse pa paketi ayenera kudziwa kuti ndi wa timibulu tatikulu, osati wosakonzedwa bwino. Wogula ubweya wa nkhosa amadziwa kuti wa nkhosa za merino, zimene zimawetedwa kwambiri ku Australia, ndi fine ndipo amapangira zovala, pamene wa coarse amapangira makapeti. Ndipo ine ndikuona kuti phindu lalikulu silili pa mawu awiriwa okha. Lili pa chizolowezi chofunsa kuti mawu awa amatsutsana ndi ati. Chizolowezi chimenechi chimamasula mawu ena ambiri ooneka ofanana. Soft ndi smooth, mwachitsanzo, amasiyana chifukwa soft amatsutsana ndi hard, pamene smooth amatsutsana ndi rough. Galasi ndi smooth koma si soft.

Pali chotsutsa chachitatu chimene ndiyenera kuchivomera mbali ina. Lamulo la dzanja ndi sefa silingakupangireni ziganizo zonse. Ku Britain, munthu wogona panja chifukwa chosowa pokhala amamunena kuti is sleeping rough. Munthu amene tsiku lamuvuta amati I had a rough day. Mungathe kuona ulusi wolumikiza zimenezi ndi msewu wa mabampu uja, koma simukanazipeka nokha kuchokera pa lamulo. Ziganizo zotere zimafuna kuzimva, kuziwerenga ndi kuzisunga chimodzichimodzi, ndipo palibe chidule. Komabe taonani kuti lamuloli silinakunamizeni ngakhale pamenepa. Silinakuuzeni kuti munene coarse day kapena sleeping coarse, zimene palibe amene amanena. Malire ake ndi akuti silikuphunzitsani zonse, koma pa zinthu zogwirika, zimene ndizo mutu wathu lero, limakufikitsani pa mawu oyenera pafupifupi nthawi zonse. Mukakayika, dzifunseni kuti chinthuchi chikanakhala chosiyana ndi mmene chilili, ndikanati smooth kapena ndikanati fine? Yankho likakhala smooth, mawu anu ndi rough. Likakhala fine, mawu anu ndi coarse.

Ndikusiyireni ntchito yoti muchite usiku uno kapena mawa kukacha. Sankhani zinthu zisanu za pakhomo panu pomwepo, monga mphasa, shuga wa bulauni, mwala wotsukira mapazi, bulangeti lakale ndi phulusa la pamoto. Chilichonse chigwireni, muchiyang'anitsitse, kenako munene mokweza ngati ndi rough, coarse, smooth kapena fine, ndipo mupereke chifukwa chake. Pena mupeza kuti mawu awiri akukwanira pa chinthu chimodzi, ndipo pamenepo yesani kufotokoza kuti mawu ati akunena za pamwamba, ati akunena za tizidutswa. Makolo, itanani ana a sukulu muchitire limodzi, ndipo asamangotchula mawu, azinena chifukwa. Aphunzitsi a Chingerezi, pophunzitsa afotokozi awa tengerani mchere, mchenga ndi sandipepa m'kalasi kuti ana azigwire ndi manja awo.